Kusankha Oyilo wa Giyabokosi ndi Difu pa Galimoto ya Liwiro

Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, mwini wake amathamangira kukasintha oyilo wa injini, fyuluta ndi mapulagi. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu amatsala yemweyo amene galimoto inachoka naye ku Japan, mpaka tsiku limene giya yachiwiri iyamba kukukuta polowa kapena kumbuyo kuyamba kumveka kulira. Pa galimoto yongopitira kuntchito mwina zingatenge zaka kuti vuto lioneke. Pa Subaru WRX, Toyota 86, Altezza kapena Lancer Evolution sizichedwa, chifukwa mphamvu yonse ya injini imadutsa pa mano ochepa a magiya, ndipo chimene chimaletsa manowo kudyana ndi oyilo wopyapyala kwambiri amene ali pakati pawo.

M'malangizo ano nditsatira kwambiri Subaru Impreza WRX ya manual, chifukwa mapangidwe ake amaonetsa bwino pomwe pagona nkhani yonse. Njira yake igwira ntchito pa galimoto ina iliyonse, bola manambala mutenge a galimoto yanuyo.

Giyabokosi ndi difu sizifuna zofanana

Musanagule kanthu, mvetsani ichi. Mkati mwa giyabokosi ya manual muli timphete totchedwa synchro, ndipo tambiri timapangidwa ndi chitsulo chachikasu chosakaniza ndi mkuwa. Mukamalowetsa giya, kampheteko kamagwira giyayo n'kuisintha liwiro kuti lifanane ndi la shafuti, mano n'kulowana mwakachetechete. Kuti kagwire, kamafuna oyilo wosaterera mopitirira muyeso. Oyilo akaterera kwambiri, synchro imatsetsereka isanamalize ntchito yake, ndipo dzanja lanu limamva kuti kruu.

Difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala, ili ndi vuto lina. Magiya ake awiri, yaikulu yotchedwa crown ndi yaing'ono yoizungulitsa yotchedwa pinion, sakumana pakati penipeni. Pinion imakhala chammunsi, ndipo mtundu umenewu wa magiya umatchedwa hypoid. Mano ake samangogudubuzana, amakhuzana atapanikizana mwamphamvu, monga mmene mwala woperera umakhuzira pa mphero. Pamenepo oyilo wamba amafinyika n'kuchoka. Ndiye chifukwa chake oyilo wa difu amamuika mankhwala a sulphur ndi phosphorus, amene akatentha amamatirira pa chitsulo n'kupanga kachikuto komwe kamadyeka m'malo mwa dzino lenilenilo. Fungo loipa la oyilo wa magiya limachokera ku sulphur ameneyu.

Choncho synchro ikufuna kugwira, pomwe difu ikufuna chitetezo cha mano opanikizana. Zonse zotsatirazi zikuchokera pamenepa.

Choyamba, dziwani galimoto yanu ndi nambala ya chasisi

Dzina lolembedwa pa buti silokwanira. Tsegulani boneti muwerenge kachitsulo ka kampani, kapena onani pa blue book. Pa Subaru, GC8 ndi Impreza WRX ya zaka za 1992 mpaka 2000, GDA ndi WRX ya 2000 mpaka 2007, GDB ndi STI ya zaka zomwezo yokhala ndi magiya 6, GRB ndi STI yomwe inatuluka mu 2007, pomwe VAG ndi WRX S4 ya 2014 yomwe ili ndi CVT, mtundu wina wa giyabokosi ya automatic. Zonsezi anthu amangoti "Subaru ya turbo," koma oyilo wake si mmodzi, ndipo kuchuluka kwake n'kosiyana.

Buku lomwe limabwera mu galimoto za ku Japan limakhala la Chijapani, koma musalitaye. Chakumapeto kwake kuli tsamba la manambala, ndipo zinthu ngati GL-5, 75W-90 ndi malita zimalembedwa m'zilembo zomwe tonse timawerenga. Kamera ya foni ikhoza kumasulira zotsalazo. Ngati bukulo palibe, fufuzani service manual pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi ija.

Funsaninso ngati giyabokosi kapena difu zinasinthidwapo. Galimoto zamtunduwu eni ake amakonda kuziseweretsa, ndipo si zachilendo kupeza WRX ya magiya 5 itaikidwa giyabokosi ya STI, kapena difu yakumbuyo itaikidwa LSD yogula padera (LSD ndi difu yosalola tayala limodzi kuzungulira lokha). Oyilo amatsata chitsulo chomwe chilipo lero.

Chachiwiri, werengani GL musanawerenge china chilichonse

Kuseri kwa botolo lililonse la oyilo wa magiya kuli mawu akuti API GL-4 kapena API GL-5. Ndi muyezo wa bungwe la American Petroleum Institute. Ambiri amaganiza kuti 5 ndi wapamwamba kuposa 4, ndipo wogulitsa mu shopu angakuuzeni zomwezo ndi mtima wabwino ndithu. Si choncho. Ndi oyilo wa ntchito ziwiri zosiyana. GL-5 amakhala ndi mankhwala a sulphur ndi phosphorus aja ochuluka pafupifupi kawiri kuposa GL-4, ndipo anapangidwira hypoid. GL-4 ndiye woyenera magiyabokosi ambiri a manual okhala ndi synchro.

Mukathira GL-4 mu difu ya hypoid, mano amayamba kudyeka ndipo difu imalira, makamaka mukamachotsa ndi kubwezera phazi pa accelerator. Kulira kumeneko kukayamba sikutha ndi oyilo watsopano. Mukathira GL-5 wamba mu giyabokosi yofuna GL-4, magiya amalimba kapena kukukuta, ndipo synchro zimatha msanga. Oyilo wakale wa GL-5 ankadyanso zitsulo zachikasu akatentha kwambiri. Wamakono ambiri anamukonza pa mbali imeneyi, koma vuto la kuterera likadalipo.

Tsopano onani chimene Subaru inachita. Pa WRX ndi STI za manual, difu yakutsogolo ili mkati mwa giyabokosi momwemo, ndipo zonse zimasamba mu oyilo mmodzi. Zikutanthauza kuti oyilo ameneyo akuyenera kuteteza hypoid komanso kulola synchro kugwira. N'chifukwa chake buku la Subaru limanena GL-5 75W-90 pa giyabokosi, ndipo apa GL-4 yekha musathire ngakhale makaniko atakuuzani kuti magiya alowa bwino. Alowadi bwino kwa kanthawi, uku crown ndi pinion zakutsogolo zikutha, ndipo kuti muzikonze muyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Chofunika ndi GL-5 wopangidwira giyabokosi: Subaru Extra-S 75W-90, Motul Gear 300 75W-90 yemwe amakwanira GL-4 ndi GL-5, kapena Red Line 75W90NS. Zilembo za NS zija n'zofunika, chifukwa Red Line 75W90 wopanda NS ali ndi mankhwala oterereretsa a LSD omwe synchro sigwirizana nawo.

Toyota 86 ndi yosiyana. Giyabokosi ili payokha ndipo difu ili kumbuyo payokha, ndiye mabotolo ndi awiri: 75W-90 wa giyabokosi pafupifupi malita 2.2, yemwe buku limati GL-3 ndipo masiku ano anthu amathira GL-4 m'malo mwake, ndi GL-5 75W-85 wa difu wopitirira pang'ono lita imodzi. Honda Civic Type R imafuna Honda MTF, yemwe ndi wopepuka kwambiri kuposa 75W-90. Magiyabokosi ena a manual, monga Tremec T56, anapangidwira ATF, oyilo wa giyabokosi ya automatic. Lancer Evolution yokhala ndi AYC, makina ogawa mphamvu pakati pa matayala akumbuyo pokhota, ili ndi zipinda ziwiri pa difu yakumbuyo, china cha oyilo wa magiya china cha ATF, ndipo kusokoneza mabawuti ake kumaononga zinthu zodula.

Ngati giyabokosi yanu ndi DSG (yosintha magiya yokha ndi makilachi awiri) kapena CVT, zonse za GL pa giyabokosi sizikukukhudzani. Golf GTI ya DSG ya magiya 6 imafuna oyilo wa DSG yekha, wosinthidwa pamodzi ndi fyuluta pa makilomita 60,000 aliwonse. WRX S4 imafuna oyilo wa CVT wa Subaru wopangidwira mphamvu zambiri. Pamenepa musayesere china.

Chachitatu, kulimba kwa oyilo

Manambala ngati 75W-90 amanena za kulemera kwa oyilo. Nambala yoyamba, ya W, ikunena mmene amayendera akazizira. Yachiwiri ikunena mmene amakhalira akatentha kufika madigiri 100. Muyezo wake ndi wosiyana ndi wa oyilo wa injini, choncho musaganize kuti 90 ndi phala poyerekeza ndi 40 wa injini. Atatentha, oyilo wa magiya wa 90 amalemera chimodzimodzi ndi wa injini wa 40 kapena 50.

Kuno kwathu sikuzizira ngati ku Hokkaido, ndipo ena amati W ilibe ntchito. Ine ndimaona kuti ili nayo. Yendetsani WRX m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu ili ndi 80W-90 wa mineral, mudzamva mmene giya yachiwiri imakanira mpaka oyilo atafunda. Ndi 75W-90 wa synthetic imalowa kuyambira pa geti. Dalaivala akamakankha giya yokana tsiku ndi tsiku, ndi synchro imene imalipira.

Kumbali yotentha, yambani ndi nambala ya m'buku ndipo musaichoke popanda chifukwa chooneka. Pali chizolowezi chothira 85W-140 paliponse poganiza kuti wolemera ndiye wolimba. Mu difu ya lole kapena ya pick-up yonyamula katundu ali ndi malo ake. Mu giyabokosi ya galimoto ya liwiro amachedwa kuchoka pakati pa synchro ndi giya, amachedwanso kufika m'ma bearing ang'onoang'ono, ndipo amaonjezera kutentha chifukwa magiya amavutika kumuvundula. Pomwe 75W-140 amathandizadi ndi mu difu yakumbuyo ya galimoto yomwe imachita drift kapena kuthamanga mpikisano, kapena pomwe wopanga anamulemba yekha, monga pa ma BMW M ambiri. Ngati nkhawa yanu ndi kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje mu October, kapena kukwera Thabwa ndi Chiweta mwamphamvu, yankho ndi synthetic wabwino wa nambala yomweyo, wosinthidwa msanga. Synthetic amapirira kutentha ndipo sasungunuka msanga pometedwa ndi mano a magiya.

Chachinayi, mu difu mwanu muli chiyani?

Apa m'pamene ambiri amasochera, ndiye tichedwepo. Galimoto za liwiro zambiri zili ndi LSD, difu yomwe salola tayala limodzi kuzungulira lokha pomwe linzake langoima. Ma LSD ali mitundu ikuluikulu itatu, ndipo uliwonse uli ndi chofuna chake.

Ya viscous ili ndi kachitini kotsekeratu kokhala ndi mafuta akeake a silicone, omwe sakumana ndi oyilo wa difu ndipo sasinthidwa. Yotereyi imangofuna GL-5 wamba. Ma WRX ambiri akale ali ndi mtundu umenewu kumbuyo, ndipo difu yapakati ya giyabokosi ya magiya 5 imagwiranso ntchito ndi viscous.

Ya Torsen kapena helical imagwira ndi magiya opotoka, ilibe ma plate. Ma Toyota 86 ambiri ali ndi Torsen, ndipo STI ya GRB ili ndi helical kutsogolo ndi Torsen kumbuyo. Izi sizifuna mankhwala oterereretsa, chifukwa zimagwira ntchito pokhuzana kwa magiyawo. GL-5 wa m'buku ndi wokwanira.

Ya ma plate ndiyo yovuta. Mkati mwake muli timbale tachitsulo topanikizana ngati ta kilachi, ndipo timasamba mu oyilo wa difu. Ma LSD a Cusco, KAAZ ndi OS Giken ndi otere, komanso ena ochokera ku fakitale. Iyi imafuna oyilo wolembedwa LS kapena Limited Slip, monga Motul 90 PA kapena Motul Gear 300 LS, yemwe ali ndi friction modifier, mankhwala oterereretsa aja. Popanda ameneyu ma plate amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo mukamakhota pang'onopang'ono poimika galimoto mumamva kuti gugugu kumbuyo, galimoto ikunjenjemera. Koma mankhwalawo akachuluka, ma plate amangotsetsereka ndipo LSD imakhala ngati palibe. Ngati mukuonjezera friction modifier wa m'kabotolo, thirani pang'ono, yendetsani, ndipo lekani pomwe kunjenjemera kwasiya.

Kuti mudziwe chomwe muli nacho, tsekani matayala akutsogolo ndi njerwa kapena matabwa, kwezani akumbuyo onse awiri, tsitsani handbrake, giya ikhale pa neutral, ndipo zungulitsani tayala limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mobwerera, difu ndi yawamba kapena Torsen. Likatsata mbali yomweyo ndi ya ma plate kapena viscous. Pa Subaru, poti propshaft, shafuti yopititsa mphamvu ku difu yakumbuyo, imagwidwa ndi matayala akutsogolo omwe ali pansi, LSD imaoneka ndi kulimba: tayala limakana kuzungulira. Viscous yokalamba imafooka mpaka kuoneka ngati difu wamba, koma sizisintha oyilo amene mugule. Ngati mukukayikabe pakati pa ma plate ndi mtundu wina, oyilo wa LS mu difu yakumbuyo yomwe ili payokha saononga kanthu. Mu giyabokosi yokha ndimo musamuike.

Kugula

Gulani botolo lomata, chivindikiro chake chisanathyoledwe, pa filling station kapena kwa wogulitsa wodziwika. Oyilo wopungulidwa mu mgolo n'kuikidwa m'botolo la madzi simungadziwe kuti ndi GL chiyani, ndipo mtundu wake suuza kanthu. Werengani kuseri, osati mawu akuluakulu akutsogolo okha. Ngati 75W-90 woyenera sakupezeka, ndi bwino kuitanitsa ku Johannesburg n'kudikira sabata ziwiri kusiyana ndi kuthira chilichonse.

Pa WRX ya magiya 5 giyabokosi imalowa malita pafupifupi 3.5 ndipo difu yakumbuyo, yotchedwa R160, imalowa 0.8. Pa STI ya magiya 6 ndi malita pafupifupi 4.1, ndipo difu yake yakumbuyo, yotchedwa R180, imalowa pafupifupi lita imodzi. Gulaninso washala yatsopano ya bawuti yokhetsera ndi kapampu kamanja kothirira difu.

Kusintha

Yendetsani galimoto mphindi 15 kuti oyilo afunde. Ikwezeni ikhale yowongoka mbali zonse, pa pit kapena pa ma stand anayi. Musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhala pa jeke yekha.

Yambani ndi difu yakumbuyo, ndipo masulani bawuti yothirira, yam'mwamba, musanakhudze yokhetsera. Mabawuti amenewa amamata ndi dzimbiri, ndipo mukakhetsa oyilo kenako yam'mwamba n'kukana, galimoto simungaisunthenso. Pa R160 mabawuti onse awiri ali ndi bowo la ngodya zinayi lomwe mutu wa ratchet ya half inch umalowa. Chotsani matope m'bowomo kuti chitsulo chilowe mpaka mkati, apo ayi mulikulungiza.

Oyilo akamatuluka, muyang'aneni. Bawuti yokhetsera ili ndi maginito. Phala lotuwa losalala, lomwe mukalitikita pakati pa zala silibaya, ndi kutha kwa masiku onse. Tizidutswa tomwe chikhadabo chikutimva tikutanthauza kuti dzino kapena bearing yayamba kuswekera. Oyilo wotuwira ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Izi zimachitika nyengo ya dzinja galimoto ikawoloka madzi difu ili yotentha: ikazizira mwadzidzidzi imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa ma seal. Mu oyilo wa giyabokosi, tengani pang'ono mupite naye padzuwa. Kunyezimira kwachikasu ndi synchro zomwe zikudyeka, ndipo maginito satola zimenezi chifukwa si chitsulo chogwira maginito.

Pukutani maginito, pakani sealant pang'ono pa mazinga a bawuti ngati ndi mtundu wopanda washala, mangani yokhetsera, ndipo pompani oyilo mpaka ayambe kudontha pa bowo lothirira. Dikirani asiye kuyenderera, ndiye mangani. Pa R160 buku limanena kuti mumange ndi mphamvu ya 49 Nm. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, chifukwa mabawutiwa amalowa mu aluminium, yemwe sachedwa kung'ambika akamangidwa ndi paipi.

Giyabokosi ya WRX ya magiya 5 ilibe bowo lothirira m'mbali. Mumathirira pa paipi ya dipstick yake, yomwe ili kuseri kwa injini pafupi ndi intercooler. Mufunika fanulo ndi kapaipi kautali. Bawuti yokhetsera pa zakale ndi ya sipanala wamba, pa zatsopano ndi Torx T70. Onetsetsani kuti mukumasula ya giyabokosi osati ya injini, chifukwa zayandikana, ndipo ngati ntchito mwapatsa mnyamata wa pa galaja, imani pomwepo muone. Thirani mochepera pang'ono pa malita a m'buku, dikirani atsike, yezani ndi dipstick, ndipo onjezerani mpaka afike pa F. Wopitirira amachita thovu n'kutulukira m'ma seal.

Oyilo wakale musamutayire mu ngalande kapena pansi. Muikeni m'chigubu mukasiye ku galaja yomwe imasonkhanitsa.

Mukatsitsa galimoto

Yendani modekha makilomita oyamba, mukulowetsa magiya onse kuphatikiza reverse. Ngati muli ndi LSD ya ma plate, pezani bwalo lopanda anthu muzungulire pang'onopang'ono mojambula nambala 8 kangapo, kuti oyilo watsopano alowe pakati pa ma plate. Mawa lake suzumirani pansi muone ngati mabawuti akudontha, ndipo yezaninso dipstick. Magiya angatenge masiku angapo kuti akhazikike ndi oyilo watsopano. Koma ngati giya imodzi yokha ikukukutabe pomwe zina zili bwino, synchro yake inatha kale ndipo palibe botolo lomwe lingaibwezere. Ngati zonse zikulimba, makamaka yoyamba ndi reverse, onani kilachi, mwina sakulekanitsa bwino.

Pa galimoto yoyenda m'tauni ndi pa M1, ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 40,000 aliwonse. Ngati mumaithamangitsa kawirikawiri, dulani pakati. LSD ya ma plate yogula padera imadetsa oyilo msanga kwambiri, ndiye tsatirani pepala la amene anaipanga, ndipo difu iliyonse yomwe yamira m'madzi isinthidwe sabata yomweyo. Lembani tsiku, makilomita, dzina la oyilo ndi manambala ake kuseri kwa buku la galimoto, kuti ulendo wina inu kapena makaniko wanu musadzayambenso kufufuza.